Chotayika ndi Chobisidwa: Lamulo la Chuma Chotola ku England

Mwana akatola kanthu panjira, mnzake n'kumufunsa, amayankha msanga kuti kutola si kuba. Mawuwo ngokoma kumva, koma sathetsa mlandu, pakuti chilichonse chogona pansi chinali ndi mwini wake, ndipo nthaka imene chagonapoyo ilinso ndi mwini wake. Nanga mwini chinthucho akakhala kuti anamwalira zaka 500 zapitazo, dzina lake lomwe n'kuiwalika, chinthucho chikhale cha yani: cha wotola, cha mwini munda, kapena cha mtundu wonse? Funso limeneli lavuta oweruza a ku England kwa zaka zoposa 800, ndipo mayankhidwe awo ali ndi phunziro kwa mphunzitsi aliyense amene adzaima pamaso pa ana kuwafotokozera mbiri yakale.

Makina ofufuzira zitsulo

Ku England kuli anthu ambiri amene masiku opuma amayendayenda m'minda ndi makina ofufuzira zitsulo zokwiririka. Makinawo ali ngati ndodo yaitali, kunsi kwake kuli chinthu chozungulira chonga mbale, ndipo m'kati mwa mbaleyo muli waya wokulungidwa kambirimbiri. Magetsi a m'mabatire akamayenda m'wayamo amatulutsa mphamvu yonga ya maginito, imene imalowa m'dothi. Mphamvuyo ikakomana ndi golidi, siliva, mkuwa, mtovu kapena chitsulo wamba, imadzutsa timagetsi tating'ono m'chinthucho, ndipo makina amamva kusinthako nalira m'makutu mwa wofufuzayo. Wozolowera ntchitoyi amasiyanitsa kulira kwa msomali ndi kulira kwa ndalama, monga mlenje asiyanitsira mapazi a nyama.

Makina otere anayamba kugwira ntchito yaikulu pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. M'chaka cha 1941 msilikali wina wa ku Poland, dzina lake Józef Kosacki, anakonza makina opezera mabomba okwirira pansi, ndipo asilikali anawagwiritsa ntchito ku El Alamein mu 1942. M'zaka za m'ma 1970 makina opepuka ndi otsika mtengo anafala m'masitolo, kotero kuti anthu wamba anayamba kugula. Makinawo samva kanthu kakang'ono kokhala pansi kwambiri. Zambiri zimapezeka m'dothi lapamwamba lomwe pulawo imatembenuza chaka ndi chaka. Zotuluka m'menemo kawirikawiri ndi zachabe: mabatani, zivindikiro za mabotolo ndi zidutswa za mapulawo. Paja akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Wina amafufuza zaka zambiri osapeza kanthu kodziwika, koma tsiku lina dothi limapereka chodabwitsa.

Chokometsera cha ku Middleham

Mwezi wa September m'chaka cha 1985, munthu wina anali kufufuza m'mbali mwa njira ya akavalo pafupi ndi linga lakale la Middleham, m'chigawo cha Yorkshire, kumpoto kwa England. Makina atalira, iye anakumba natulutsa kabokosi kafulati kodzaza matope, kamene poyamba anayesa kabokosi ka paudala kotayidwa ndi mayi wina. Atakatsuka kunyumba anaona kuti nkagolidi, ndipo pamwamba pake panali mwala wobiriwira ngati thambo wotchedwa safiro.

Kabokosiko kali ndi ngodya zinayi, kutalika kwake ndi masentimita 6 ndi pang'ono, kulemera kwake magalamu 68. Kanali kovala m'khosi, monga momwe mafumu akale a kuno ankavalira mphande. Akatswiri atakapenda anapeza kuti kanasulidwa m'zaka zomalizira za nyengo imene Azungu amaitcha ya pakati, ndiyo nyengo yoyambira pa kutha kwa ulamuliro wa Aroma kufikira cha m'ma 1500. Kumaso kwake mmisiri anazokota chithunzi cha Utatu Woyera, kumbuyo kubadwa kwa Yesu, ndi oyera mtima 15 m'mphepete mozungulira. Palinso pemphero la m'Chilatini, ndipo pothera pake pali liwu lachilendo lakuti ananizapta, limene anthu a masiku amenewo ankakhulupirira kuti limateteza ku khunyu. Mwala wa safiro nawonso ankauyesa mankhwala a maso ndi a mutu. Chivindikiro chakumbuyo chimatseguka, ndipo m'kati munapezeka tizidutswa ta nsalu ya silika yopetedwa ndi ulusi wagolidi, mwina tochokera ku chovala cha munthu amene ankamuyesa woyera.

Motero chinthu chimodzi chomwecho chinali chokometsera, chinali chopempherera, chinalinso chithumwa. Akatswiri ambiri amaganiza kuti mwini wake anali mayi wolemera kwambiri, amene ankachivala pofuna chitetezo pa nthawi ya pakati ndi ya kubala. Linga la Middleham linali la banja lamphamvu la Neville, ndipo m'menemo munakhala Richard, amene anakwatira Anne Neville, nadzakhala Mfumu Richard III, nafera ku nkhondo ya Bosworth mu 1485. Palibe umboni wosonyeza dzina la mwini chokometseracho, koma chimaonetsa poyera mantha ndi chikhulupiriro cha anthu apamwamba a nyengo imeneyo, zimene mabuku a nkhondo ndi a mafumu safotokoza.

Lamulo lakale

Wowerenga angayese kuti chinthu chotere chinapita msanga ku nyumba yosungiramo zinthu zakale. Sizinatero ayi, ndipo chifukwa chake chinali lamulo lakale lotchedwa treasure trove, mawu ochokera ku Chifalansa chakale otanthauza chuma chopezedwa. Mwa lamulo limenelo chuma chopanda mwini chinali cha Mfumu. Maganizo ake sali kutali ndi mwambo wakale wa kwa Amaravi ndi wa m'chigwa cha Zambezi, kumene mlenje akapha njovu, mnyanga wogunda pansi unali wa mfumu mwini dziko. Wofufuza milandu yotere anali nduna yotchedwa coroner, imene udindo wake unakhazikitsidwa mu 1194 kuti izisamala zonse zoyenera kulowa m'thumba la Mfumu. Nduna yomweyo ndiyo imafufuza za imfa zodzidzimutsa kufikira lero.

Kuti chinthu chikhale cha Mfumu panafunika zitatu. Choyamba, chikhale cha golidi kapena siliva. Chachiwiri, mwini wake kapena olowa m'malo mwake akhale osadziwika. Chachitatu, ndicho chovuta, chikhale chobisidwa dala ndi munthu amene anali ndi mtima wodzabwera kudzachitenga. Chinthu chogwa mwangozi, kapena choikidwa m'manda pamodzi ndi wakufa, sichinali cha Mfumu. Chinali kutsala kwa mwini nthaka kapena kwa wotola. Kotero bwalo la coroner linali ndi ntchito yodabwitsa, yoweruza za mumtima mwa munthu amene anafa kalekale, wosatha kuitanidwa kudzachitira umboni.

Kuipa kwa lamuloli kunaoneka kale mu 1939 ku Sutton Hoo, m'chigawo cha Suffolk, kumene anafukula manda a munthu wamkulu woikidwa m'ngalawa cha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 600, pamodzi ndi zokometsera zagolidi zosayerekezeka. Bwalo linaweruza kuti oika maliro sanali ndi mtima wodzafukula, choncho zonse zinali za mwini malo, mayi Edith Pretty. Mwamwayi mayiyo anapereka chumacho kwa mtundu wonse osalandira kanthu, ndipo chili ku British Museum mu London. Koma lamulo lodalira kukoma mtima kwa munthu mmodzi ndi lamulo lopunduka.

Ku Middleham mwayi wotere panalibe. Chokometsera chimodzi chogona chokha m'mbali mwa njira chinaoneka kuti chinachita kugwa, sichinabisidwe, motero sichinawerengedwe chuma cha Mfumu. Mu 1986 anachigulitsa pa msika wopikisana mtengo wa Sotheby's ku London, ndipo munthu wina anachigula ndi ndalama zopitirira £1,000,000. Patapita zaka zowerengeka panaoneka kuti chituluka m'dziko. Boma linaimitsa chilolezo chotulutsira kwa kanthawi, ndipo Yorkshire Museum, ya mu mzinda wa York, inayamba kupempha thandizo. Bungwe la National Heritage Memorial Fund linapereka gawo lalikulu, mabungwe ena ndi anthu wamba anasonkha zotsala, kufikira zinakwana £2,500,000. Chokometseracho chili ku York tsopano, koma chinatsala pang'ono kutayika kachiwiri.

Lamulo la 1996

Chifukwa cha milandu yotere, ndiponso chifukwa cha kuchuluka kwa ofufuza ndi makina, Nyumba ya Malamulo inapanga lamulo latsopano lotchedwa Treasure Act mu 1996, limene linayamba kugwira ntchito pa 24 September 1997 ku England, Wales ndi Northern Ireland. Scotland ali ndi lamulo lakelake, lakuti chakale chilichonse chopanda mwini Ufumu ungathe kuchitenga, chingakhale cha mwala kapena cha dongo.

Lamulo latsopanoli linachotsa funso la mumtima mwa wakufa, niliika m'malo mwake mafunso oyankhika ndi sikelo ndi maso a akatswiri. Chinthu chosakhala ndalama chimawerengedwa chuma ngati chatha zaka 300, ndiponso ngati gawo limodzi mwa magawo 10 a kulemera kwake, kapena kuposerapo, ndi golidi kapena siliva. Ndalama zakale za golidi kapena siliva zimawerengedwa chuma zikapezeka ziwiri kapena zambiri pamalo amodzi. Za mkuwa zimafunika kukwana 10. Chilichonse chopezeka pamodzi ndi chumacho, ngakhale mphika wadothi umene chinasungidwamo, chimalowa m'gulu lomwelo. Tsono mphete yagolidi imene inavuka pa chala cha mayi wina m'chaka cha 1400 lero ndi chuma, ngakhale sanaibise.

Mpata wina unatsalabe. Mu 2010 munthu wina anapeza chisoti cha msilikali wachiroma wa pa kavalo ku Crosby Garrett, m'chigawo cha Cumbria. Popeza chinali cha mkuwa, lamulo silinachigwire, ndipo chinagulitsidwa pa msika wa Christie's pafupifupi £2,300,000 kwa munthu wapayekha, nyumba ya zinthu zakale ya ku Carlisle italephera kufika pa mtengowo. Pofuna kutseka mpatawo, kuyambira pa 30 July 2023 chinthu cha chitsulo cha mtundu uliwonse chimene chatha zaka 200 chingathe kuwerengedwa chuma, ngati chili chofunika koposa pa mbiri ya dziko kapena ya chigawo.

Njira yoululira chuma

Wofufuza asanaponde m'munda ayenera kupempha chilolezo kwa mwini wake, ndipo anzeru amalemberana pangano la kagawidwe. Malo akale otetezedwa ndi Boma ngoletsedwa kufufuzamo popanda chilolezo chapadera. Munthu akapeza chinthu, dongosolo lake limayenda motere.

Poyamba, wotola ayenera kudziwitsa coroner wa dera limenelo pasanathe masiku 14 chizindikirire kuti chimene wapezacho chingakhale chuma. Wolephera dala angathe kuikidwa m'ndende miyezi itatu, kapena kulipitsidwa, kapena zonse ziwiri. Ambiri amapyolera kwa mlangizi wa zotola wa m'chigawo mwawo, wogwira ntchito pansi pa dongosolo lotchedwa Portable Antiquities Scheme, limene linayamba mu 1997 ndipo limayendetsedwa ndi British Museum pamodzi ndi nyumba yaikulu ya zinthu zakale ya ku Wales.

Pambuyo pake wotola amapereka chinthucho, nalandira kalata ya umboni, nanena malo enieni pamene anachipeza. Akatswiri amachiyesa nalemba msinkhu wake, kulemera kwake ndi mtundu wa chitsulo chake. Ngati palibe nyumba ya zinthu zakale imene ikuchifuna, Ufumu umachileka, ndipo chimabwerera kwa wotola ndi mwini munda. Ngati ilipo yochifuna, coroner amaweruza kuti ndi chuma, ndipo bungwe loima palokha lotchedwa Treasure Valuation Committee limayesa mtengo umene chikanagulidwa nawo pa msika. Nyumba yochifunayo imasonkha ndalamazo, ndipo zimaperekedwa ngati mphotho. Kawirikawiri theka limapita kwa wotola, theka kwa mwini munda. Wotola amene analowa m'munda mwakuba, kapena anabisako zina, mphotho yake imachepetsedwa kapena kuchotsedwa. Akatswiri ofukula zakale salandira mphotho, popeza kufukula ndiyo ntchito yawo.

Zipatso za dongosololi zaoneka. Lamulo lakale lisanachotsedwe, milandu ya chuma inali pafupifupi 25 pa chaka. M'zaka zaposachedwapa yakhala ikupitirira 1,000 pa chaka. Ndiponso zinthu zazing'ono zosawerengedwa chuma, zimene otola amasonyeza mwa kufuna kwawo, zalembedwa m'kaundula zoposa 1,500,000, ndipo aliyense angathe kuziona pa intaneti.

Minda iwiri, chaka chimodzi

M'chaka cha 2015 munapezeka nkhokwe ziwiri za chuma cha nyengo imodzi, chokwiriridwa cha m'ma 879, pamene Avaikingi ochokera ku maiko a kumpoto anali kulimbana ndi Mfumu Alfred ya ku Wessex. Mathero a nkhokwe ziwirizo anasiyana ngati usiku ndi usana.

Yoyamba inapezeka mwezi wa June pafupi ndi Leominster, m'chigawo cha Herefordshire. Amuna awiri, amene analibe chilolezo cha mwini malo, anakumba mphete yagolidi, khoza lagolidi la pamkono, mwala wonyezimira womangidwa m'golidi wovala m'khosi, mpukutu wa siliva, ndi ndalama zimene akatswiri anaziyerekeza kuti zinali pafupifupi 300. Iwo anapereka zokometserazo, koma ndalama zambiri anabisa nayamba kugulitsa mseri. Apolisi anapeza zithunzi zimene zinafufutidwa m'foni, zosonyeza chumacho chili m'dzenje. Mu November 2019 bwalo la ku Worcester linawapeza olakwa, mmodzi nalamulidwa zaka 10, wina zaka 8 ndi theka, ngakhale bwalo la apilo linachepetsako pambuyo pake. Pa nthawi ya mlanduwo ndalama zopezeka zinali pafupifupi 30 zokha. Paja anati ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Akadaulula zonse, akadalandira mphotho yaikulu mwaulemu.

Yachiwiri inapezeka mwezi wa October pafupi ndi Watlington, m'chigawo cha Oxfordshire. Wofufuzayo ataona mpukutu wa siliva ndi ndalama zingapo, analeka kukumba naitana mlangizi wa zotola. Akatswiri anadza nadula chibuma chonse cha dothi, nachinyamula chosaphwanya kupita nacho ku British Museum, kumene anachiunika ndi kuchimasula pang'onopang'ono. Munali ndalama pafupifupi 200, mipukutu ya siliva 15 ndi zokometsera 7. Ashmolean Museum ya ku Oxford inagula zonse mu 2017 ndi £1,350,000.

M'nkhokwe zonse ziwiri munali ndalama zosowa kwambiri zosonyeza mafumu awiri atakhala pamodzi, zina zolembedwa dzina la Alfred, zina dzina la Ceolwulf II, mfumu ya ku Mercia. Buku lakale la mbiri lotchedwa Anglo-Saxon Chronicle, limene linalembedwa ku mbali ya Alfred, limanyoza Ceolwulf ngati munthu wopusa woikidwa pa mpando ndi Avaikingi. Koma ndalamazo zimasonyeza kuti mafumu awiriwo anali pa mgwirizano, nasula ndalama za chithunzi chimodzi. Motero dothi linatsutsa buku. Umboni wa ku Watlington uli wathunthu. Wa ku Leominster unamwazika, ndipo mbali yake yaikulu sinabwerere.

Phunziro kwa mphunzitsi

Pa zonsezi pakuoneka mfundo imodzi. Mtengo weniweni wa chinthu chakale suli mu golidi wake, koma mu zimene chimanena, ndipo chimanena bwino pokhapokha malo ake ndi zinzake zogona nacho zikadziwika. Mphete yochotsedwa mseri ili ngati tsamba long'ambidwa m'buku: mawu ake alipo, koma nkhani yake yaduka. Lamulo la ku England linatenga zaka mazana ambiri kuti lifike pa mfundo imeneyi, kuchokera pa kudzaza thumba la Mfumu kufikira pa kusunga chidziwitso cha mtundu.

Nkhaniyi si ya Azungu okha. M'chaka cha 1960, antchito okumba maziko a thanki la madzi pa chitunda cha Ingombe Ilede, pafupi ndi mtsinje wa Zambezi m'dziko limene lero ndi Zambia, anakomana ndi mafupa a anthu. Akatswiri ataitanidwa, motsogozedwa ndi J. H. Chaplin, anafukula manda a anthu olemera, ovekedwa mikanda yagolidi ndi yagalasi, pamodzi ndi mipukutu ya mkuwa yonga mitanda. Popeza zinthuzo zinalembedwa zili pamalo pake, lero zimaphunzitsa za malonda akale a pakati pa Africa ndi gombe la nyanja ya mchere. Malawi nayenso ali ndi lamulo loteteza zinthu zakale, lotchedwa Monuments and Relics Act.

Tsono mphunzitsi wa kumudzi ndiye amene kawirikawiri ana amamuthamangira akatola mkanda wachilendo, phale lojambulidwa, khasu lakale kapena mutu wa muvi m'munda wa sukulu. Asachitaye ngati chachabe, ndipo asatume ana kukakumba zambiri. Alembe tsiku, malo enieni, kuya kwake ndi zina zimene zinali pomwepo. Ajambule chithunzi cha chinthucho m'buku la sukulu. Asachipale kapena kuchikwecha. Adziwitse mfumu ya mudziwo, ndipo alembere akuluakulu a Boma oyang'anira zinthu zakale. Pa phunziro la chinenero angathe kufunsa ana kusiyana kwa chotayika, chotayidwa, chobisidwa ndi choikizidwa, mawu anayi amene oweruza a ku England anavutika kuwalekanitsa, ndipo ana okha adzaona pamene mawu aja akuti kutola si kuba amathera mphamvu. Mwana amene waphunzira kuulula phale lopanda mtengo ali ku sukulu, sadzavutika kuulula golidi akadzakula.